Funsani Tikuyankheni: Kodi Katundu Amafika Bwanji ku Siteshoni ya M'mlengalenga, Nanga Zombo Zimakocheza Pati?

Mwezi uno makalata angapo afunsa za International Space Station, imene ambiri amaitchula mwachidule kuti ISS. Tasankha mafunso okhudza kayendedwe ka katundu ndi madoko amene zombo zimakochezapo, ndipo ena tawafupikitsa.

"Akonzi, madzulo ena ine ndi ophunzira anga tinaona chinthu chowala chikudutsa kumwamba mofulumira, ndipo tinamva kuti ndi siteshoni imene mumakhala anthu. Ophunzirawo akufuna kudziwa kuti anthuwo amapeza bwanji chakudya ndi madzi, komanso amene amakonza tsiku loti katundu anyamuke ndi ndani." Mphunzitsi wa sayansi, Dedza

Aphunzitsi, n'kutheka ndithu kuti munaona ISS, chifukwa njira yake imadutsa pamwamba pa Malawi kawirikawiri, ndipo imaoneka bwino dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha. Siteshoniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha kapena kupitirira pang'ono. Chiyambire pa 2 Novembala 2000 sinakhalepo yopanda munthu, ndipo zaka za posachedwapa nthawi zambiri mumakhala anthu 7.

Madzi ambiri sachokera pansi pano. Muli makina amene amasefa thukuta, chinyezi cha mpweya wopuma ndiponso mkodzo mpaka kukhala madzi akumwa, ndipo mu 2023 bungwe la NASA, loona za m'mlengalenga ku America, linalengeza kuti makinawo afika pobweza madzi 98 pa 100 alionse. Koma chakudya, zovala, mafuta, zipangizo zosinthira makina akawonongeka ndi zida za kafukufuku zimanyamulidwa ndi zombo zopanda anthu. Chombo chakale kwambiri pa ntchitoyi ndi Progress cha dziko la Russia, chimene chinayamba mu 1978 pa siteshoni ya Salyut 6. Chimanyamuka ku Baikonur m'dziko la Kazakhstan ndi katundu wolemera matani pafupifupi 2.5. Dziko la America limagula maulendo kwa makampani awiri, a SpaceX amene ali ndi chombo cha Dragon, chimene chinafika koyamba mu Meyi 2012, ndi a Northrop Grumman amene ali ndi Cygnus, chimene chinayamba mu Seputembala 2013. Dziko la Japan linatumiza zombo 9 za HTV kuyambira 2009 mpaka 2020, ndipo mu Okutobala 2025 linatumiza choyamba cha mtundu watsopano wa HTV-X kuchokera pa chilumba cha Tanegashima. Maiko a ku Ulaya anali ndi chawo cha ATV, koma anasiya atatumiza zisanu.

Ndondomeko ya maulendo simakonzedwa ndi munthu mmodzi. Siteshoniyi ndi ya mabungwe asanu, a NASA, Roscosmos ya ku Russia, ESA ya maiko a ku Ulaya, JAXA ya ku Japan ndi CSA ya ku Canada, ndipo akatswiri awo, makamaka a ku Houston ndi a ku Korolyov pafupi ndi Moscow, amagwirizana pa kalendala imodzi kudakali miyezi yambiri. Ngakhale ola lonyamukira sasankha mwa chifuniro chawo. Roketi imayenera kunyamuka pa nthawi imene kuzungulira kwa dziko kwafikitsa bwalo lonyamukira pansi penipeni pa njira ya siteshoni, ndipo kwa roketi ya Falcon 9 imene imanyamula Dragon, mpatawo umakhala wa kamphindi chabe, moti mitambo ikaipa pa nthawiyo ulendo umalephereka mpaka tsiku lina.

"Ine ndimayendetsa thiraki pakati pa Beira ndi Lilongwe, ndipo ndimadziwa kuti malo otsitsira katundu akadzaza timagona pa mzere mpaka mpata utapezeka. Kodi zombo nazo zimadikira pa mzere kumwambako?" Dalaivala, Lilongwe

Bambo, mzere ulipo, koma uli pansi pano. Chombo sichiloledwa kunyamuka doko lake lisanatsimikizike, chifukwa mafuta ake ndi owerengeka, ndipo mwa katundu wake mumakhala zinthu zamoyo, monga mbewa za kafukufuku ndi mbewu, zimene sizingadikire masiku ambiri. Funso lanu lakhudza pamene pagona vuto lenileni la ntchito yonseyi, pakuti maroketi masiku ano achuluka, koma madoko sanachuluke nawo.

Siteshoniyi ili ndi madoko 8 amene zombo zoyendera zimagwiritsa ntchito. Anayi ali mbali ya Russia, pa zipinda za Poisk, Rassvet, Prichal ndi kumbuyo kwa Zvezda, ndipo amalandira Soyuz, chimene chimanyamula anthu, ndi Progress. Anayi enawo ali mbali ya America, atatu pa chipinda cha Harmony ndi limodzi pa Unity. Munthu akamva nambala ya 8 angaganize kuti malo ndi okwanira, koma madokowa sabwerekana. Zolumikizira za ku Russia n'zosiyana ndi za ku America, motero Dragon sichingakocheze pa Poisk ngakhale dokolo litakhala lopanda kanthu, ndipo Progress sichingapite pa Harmony. Mbali ya America nayo madoko ake ndi a mitundu iwiri. Awiri oyang'ana pansi, la pa Unity ndi lina la pa Harmony, ndi a Cygnus ndi HTV-X, zombo zimene zimachita kugwidwa ndi mkono wa makina. Otsala ndi awiri okha, lakutsogolo kwa Harmony ndi lapamwamba pake, ndipo awiriwa ndi amene amalimbiranidwa ndi Dragon chonyamula anthu, Dragon chonyamula katundu, Starliner cha kampani ya Boeing, komanso alendo olipira okha amene amabwera kudzera ku kampani ya Axiom Space.

Pa awiriwa, limodzi limakhala lotsekeka pafupifupi nthawi zonse. Lamulo la pa siteshoni n'lakuti munthu aliyense akhale ndi mpando m'chombo chimene angathawiremo kukabuka moto kapena mpweya ukayamba kutuluka, choncho chombo chimene chinabweretsa gulu la anthu chimakhala pomwepo miyezi pafupifupi 6 mpaka gululo litabwerera. Gulu latsopano likamabwera kudzalandira ntchito, madoko onse awiri amadzaza kwa masiku angapo. Izi zikutanthauza kuti Dragon chonyamula katundu, chimene chimakhala pafupifupi mwezi umodzi, chiyenera kufika ndi kuchoka mkati mwa mpata wa pakati pa maulendo a anthu, ndipo ulendo umodzi ukachedwa ndi sabata ziwiri, onse a pambuyo pake amasuntha.

Ngakhale madoko awiriwa safanana. Dragon chili ndi mosungira katundu kunja, kumbuyo kwake, mmene amaikamo zinthu zikuluzikulu zokamangirira kunja kwa siteshoni, ndipo mkono wa Canadarm2 umafikamo bwino chombocho chikakhala pa doko lapamwamba. N'chifukwa chake pa 5 Epulo 2021 anthu anayi a gulu la Crew-1 anavala zovala zawo za paulendo, analowa m'chombo chawo cha Dragon, anachichotsa pa doko lakutsogolo n'kukachikocheza palapamwamba, ulendo wosakwana ola limodzi. Onse anayi anayenera kukweramo ngakhale amapita pafupi chomwecho, kuopa kuti chombo chikalephera kulumikizanso, wina angatsale pa siteshoni wopanda chothawiramo. Atatero, gulu la Crew-2 linafikira kutsogolo, a Crew-1 anabwerera kumayambiriro kwa Meyi n'kusiya doko lapamwamba lotseguka, ndipo mu Juni chombo cha katundu chinakocheza pamenepo ndi masola atsopano opangira magetsi. Zonsezi zinawerengedwa kudakali nthawi kuti masolawo akafike pamalo pamene mkono ungawatole.

Chaka cha 2024 chinaonetsa mmene chombo chimodzi chingasokonezere kalendala yonse. Starliner chinakocheza pa 6 Juni ndi Butch Wilmore ndi Suni Williams, amene amayenera kukhala masiku ochepa, koma tiinjini tina toyendetsera chombocho tinavuta ndipo mpweya wa helium unkatuluka. Pamene akatswiri amaunika vutoli, doko lakutsogolo linali lotsekeka, lapamwamba linali ndi chombo cha Crew-8, ndipo gulu la Crew-9, limene limayenera kunyamuka mu Ogasiti, linalibe pofikira. Starliner chinachoka chopanda munthu kumayambiriro kwa Seputembala, Crew-9 inanyamuka pa 28 Seputembala ndi anthu awiri okha kuti mipando iwiri isungidwire awiri aja, ndipo onse anayi anafika pansi pa 18 Malichi 2025.

Nthawi zina doko limakhala lotseguka koma njira yolowerapo n'kukhala yopanikizika. Mu Novembala 2025 oyendetsa siteshoni anachotsa Cygnus pa Unity n'kuchigwiririra chapatali ndi mkono uja, kuti Soyuz MS-28 chidutse bwino popita pa Rassvet, pakuti madoko awiriwo ali moyandikana. Atachibwezera pamalo pake kumayambiriro kwa Disembala, madoko onse 8 anadzaza nthawi imodzi koyamba m'mbiri ya siteshoniyi.

Mbali ya Russia doko lofunika kwambiri ndi lakumbuyo kwa Zvezda. Pa mtunda wa makilomita 400 padakali kampweya kochepa kamene kamachepetsa liwiro la siteshoni, moti imatsika pang'onopang'ono, ndipo Progress chikakhala kumbuyoko chimayatsa injini zake n'kuikankhira m'mwamba. Koma kanjira kolowera ku doko limenelo kakhala kakutaya mpweya chiyambire 2019, ndipo chitseko chake chakhala chikutsekedwa nthawi zambiri, n'kumatsegulidwa pofuna kutsitsa kapena kulongedza katundu.

"Ndinaona pa kanema chombo china chikugwidwa ndi mkono wautali, pamene china chinangofika n'kudzilumikiza chokha. N'chifukwa chiyani sagwiritsa ntchito njira imodzi?" Wophunzira za uinjiniya, Blantyre

Njira iliyonse ili ndi chimene imapambana nacho inzake. Chombo chodzilumikiza chokha, monga Progress, Soyuz ndi Dragon cha masiku ano, chimathanso kudzichotsa chokha mwamsanga popanda wina wochithandiza kuchokera mkati mwa siteshoni, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri kwa chombo chimene anthu angathawiremo. Kuipa kwake n'kwakuti khomo lake ndi lozungulira ndiponso laling'ono, masentimita pafupifupi 80 m'mimba mwake. Chombo chogwidwa ndi mkono chimamangiriridwa ndi mabawuti 16 pa khomo la mbali zinayi la masentimita pafupifupi 127 mbali iliyonse, ndipo pamenepo pamadutsa makabati athunthu a zida za kafukufuku amene sangalowe pa khomo lozungulira lija. Wokonza katundu ayenera kudziwa kukula kwa chinthu chilichonse asanasankhe chombo chochinyamula. Dragon chonyamula katundu poyamba chinkagwidwa ndi mkono, ndipo chinayamba kudzilumikiza chokha mu Disembala 2020.

Kugwira chombo ndi ntchito yosamalitsa. Cygnus chimayandikira kuchokera pansi, chimaima pa malo angapo oikika kudikira chilolezo, kenako chimaima pa mtunda wa mamita pafupifupi 10, chikuyenda liwiro lofanana ndendende ndi la siteshoni. Mmodzi wa okhala m'siteshoni amakhala pa mawindo a kachipinda ka Cupola n'kuchigwira ndi Canadarm2, mkono wotalika mamita 17.6 umene dziko la Canada linapereka mu 2001, ndipo akachigwira, a pansi pano ndi amene amachiyendetsa mpaka pa doko. Kuzungulira siteshoni pali malire a mamita 200 amene chombo sichidutsa popanda chilolezo, ndipo chisanafike pamenepo njira yake imakonzedwa mwakuti injini zitazima, chingodutsa pambali osagunda kanthu.

Malamulo okhwimawa ali ndi mbiri yake. Pa 25 Juni 1997, poyesa kukocheza Progress pamanja pa siteshoni yakale ya Mir, chombocho chinabwera mothamanga, chinagunda chipinda cha Spektr n'kuchiboola, ndipo anthu atatu amene anali mkati anapulumuka chifukwa anadula zingwe zodutsa pakhomo n'kutseka chipindacho msanga. Makina odzilumikizira a ku Russia otchedwa Kurs nawo amavuta nthawi zina. Mu Ogasiti 2019 chombo cha Soyuz MS-14, chimene chinalibe anthu, chinalephera kukocheza pa Poisk chifukwa chipangizo cha mbali ya siteshoni chinawonongeka, ndipo anthu anasamutsa pamanja Soyuz MS-13 kuchoka kumbuyo kwa Zvezda kupita pa Poisk kuti chinzakecho chipeze doko labwino.

"Pa bizinesi yanga katundu akapanda kufika ndimatseka sitolo. Nanga roketi ikaphulika, anthuwo safa ndi njala?" Mayi wa bizinesi, Limbe

Mayi, zimenezi zinachitikapo, ndipo kangapo motsatizana. Pa 28 Okutobala 2014 roketi ya Antares yonyamula Cygnus inaphulika itangonyamuka pa Wallops Island ku Virginia. Mu Epulo 2015 chombo cha Progress chinayamba kuzungulira mosalamulirika chitangofika m'mlengalenga, ndipo chinapsa pogwa mu Meyi. Pa 28 Juni chaka chomwecho Falcon 9 yonyamula Dragon inasweka patangopita mphindi zoposa ziwiri chinyamukireni. Pa miyezi 8 zombo zitatu za mitundu itatu zinatayika, koma palibe amene anagona ndi njala, chifukwa pa siteshoni amasunga chakudya ndi madzi za miyezi ingapo kuposa zimene akufunikira, ndipo Progress china chinafika mu Julayi, HTV cha Japan n'kutsatira mu Ogasiti.

Kwa ife, phunziro la chaka chimenecho ndi limene limayankha anthu amene amati kukhala ndi zombo za mitundu yambiri n'kuwononga ndalama. Roketi ikachita ngozi, zinzake zonse za mtundu umenewo zimaimitsidwa mpaka chifukwa chitadziwika, ndipo zimenezo zimatha miyezi. Chombo cha Columbia, chimodzi mwa zombo za America za Space Shuttle, chitasweka mu Febuluwale 2003, zinzake zonse zinaima mpaka Julayi 2005, siteshoni inadalira Progress chokha pa katundu, ndipo anachepetsa anthu kuchoka pa atatu kufika pa awiri kuti madzi ndi chakudya zikwanire.

Chimene chimapweteka kwambiri pa ngozi zotere si chakudya, koma zipangizo zimene zilibe zinzake. M'chombo cha Dragon cha mu Juni 2015 munali cholumikizira choyamba mwa ziwiri zimene zimayenera kusandutsa madoko akale a Space Shuttle kukhala olandira zombo zatsopano za anthu. Chachiwiri chinafika mu 2016, koma cholowa m'malo mwa chotayikacho chinamangidwa pa Harmony mu Ogasiti 2019, patapita zaka zinayi. Ndipo vuto silichitikira m'mwamba mokha. Kumayambiriro kwa 2025 chombo cha Cygnus chinawonongeka chili m'njira yopita ku bwalo lonyamukira, ndipo a NASA anachotsa zida zina za kafukufuku m'chombo cha Dragon cha mu Epulo kuti aikemo chakudya chochuluka. Asayansi amene anadikira zaka kuti zoyesa zawo zinyamuke amadandaula zikatere, koma pa mndandanda wa zofunika, mpweya, madzi, chakudya ndi zipangizo zokonzera makina zimakhala patsogolo.

"Zinyalala amazitaya kuti?" Wowerenga wa ku Chipata

Chombo chimene chabweretsa katundu ndi chomwecho chimene chimachotsa zinyalala. Progress, Cygnus ndi HTV-X zikatsitsidwa katundu, amazidzaza ndi zovala zakuda, pakuti kulibe kochapira, mapaketi a chakudya, zonyansa za kuchimbudzi ndi zipangizo zotha ntchito, kenako zimachoka n'kukapsera mumpweya pamwamba pa kum'mwera kwa nyanja ya Pacific, kutali ndi kumene kumakhala anthu. Pa zombo za katundu, Dragon chokha ndi chimene chimabwerera chathunthu n'kutera panyanja, choncho magazi ndi zina zoyesedwa zimene zimasungidwa m'mafiriji ozizira kwambiri zimadikira chimenecho. Apa napo okonza ndondomeko amagwira njakata, chifukwa kuchotsa Cygnus msanga kumatsegula doko koma kumasiya zinyalala zikuunjikana, ndipo n'chifukwa chake chimakhala miyezi ingapo.

Malo osungira ndi ochepa kwambiri, moti thumba lililonse limakhala ndi nambala yake imene imalembedwa m'kompyuta pamodzi ndi pamene laikidwa. Komabe zinthu zimasowa, pakuti chosamangirira chimayandama n'kukabisala kuseri kwa makina. Tomato amene Frank Rubio, mmodzi wa okhala m'siteshoni pa nthawiyo, anathyola m'kamunda ka kafukufuku mu 2023 anasowa kwa miyezi 8, ndipo anzake ankamuseka kuti anadya yekha, mpaka pamene anapezeka iye atabwerera kale pansi.

"Ngati madoko ndi ochepa chotere, bwanji osangowonjezera ena?" Wowerenga wa ku Johannesburg

Doko si khomo chabe, chifukwa limafuna magetsi, makompyuta, zida zolozera chombo njira, ndiponso mpata woti chombo chidutse osakhudza masola kapena kuwapsereza ndi utsi wa injini zake, ndipo malo otere pa siteshoniyi ndi owerengeka. Dziko la Russia linawonjezera Prichal mu Novembala 2021, kachipinda kozungulira kokhala ndi malo 6 olumikizira, koma limodzi ndi logwirira ku chipinda cha Nauka, ndipo zombo zimagwiritsa ntchito loyang'ana pansi lokha, pakuti anayi a m'mbali anakonzera zipinda zimene sizinabwere.

Chifukwa china ndi nthawi imene yatsala. Dziko la America ndi anzake a ku Ulaya, Japan ndi Canada anagwirizana zoyendetsa siteshoniyi mpaka 2030, pamene Russia inalonjeza mpaka 2028, ndipo palibe boma limene lingavomere kulipira zaka zingapo za ntchito yomanga doko loti ligwire ntchito kanthawi kochepa. Mu Juni 2024 a NASA anapatsa kampani ya SpaceX ntchito ya ndalama zofika madola 843 miliyoni yopanga chombo chimene chidzakankhire siteshoni yonse, yolemera matani oposa 400, kuti ikagwere m'nyanja kutali ndi anthu. Malinga ndi mapulani amene analengezedwa, chombo chimenecho chidzakocheza pa doko lakutsogolo kwa Harmony kudakali anthu m'siteshoni ndipo chidzakhalapo miyezi yambiri, kotero kuti m'nyengo yomalizayo zombo za Dragon za anthu ndi za katundu zidzatsala ndi doko limodzi lokha, lapamwamba lija.